Mapaundi akale anali madola angati? Yambani mwaona tsiku

Anthu amene atola pepala lakale, kaya ndi chikalata cha chuma chamasiye, kontirakiti ya ntchito, lisiti ya katundu kapena buku la maakaunti a kampani, amandifunsa funso lofanana: mapaundi alembedwa apawa anali madola angati? Ambiri amayembekeza kuti ndiwapatsa nambala imodzi yoti achulukitse nayo, basi nkhani yatha. Nambala yoteroyo kulibe. Paundi ya Britain inagulapo madola a America oposa asanu, inagulaponso dola imodzi ndi masenti ochepa chabe. Komanso si nthawi zonse pamene mtengowu unkapangidwa ndi msika. Nthawi zina unkachokera ku golide, nthawi zina ku lamulo la boma. Choncho ndisanagwire kakyuleta ndimayamba ndaona tsiku limene lili pa pepalalo, kenako ndimadzifunsa kuti pa tsiku limenelo amene ankalamula mtengo anali ndani.

Ngati pepala lanu ndi la pakati pa 1879 ndi 1914, ntchito ndi yopepuka. Mayiko onse awiri anali atamangirira ndalama zawo ku golide. Ndalama yachitsulo ya paundi imodzi, imene ankaitcha sovereign, inali ndi magalamu 7.3224 a golide weniweni. Dola imodzi inkaimira magalamu 1.5046. Gawani nambala yoyambayo ndi yachiwiri, mupeza 4.8666, ndipo ndiko kunachokera 4.86 amene mumamuona m'mabuku a mbiri. Panalibe munthu wokhala mu ofesi n'kumasankha mtengowu. Paundi ikakwera pang'ono ku New York, wamalonda ankaona kuti kuli bwino angogula golide, amukweze m'sitima n'kukalipira naye ku London. Kutumiza golide kunali ndi mtengo wake, wa sitima, wa inshuwalansi, ndi chiwongoladzanja chimene munthu ankataya golideyo ali panyanja, n'chifukwa chake mtengo unkatha kusuntha ndi masenti awiri kapena atatu mbali iyi kapena iyo, koma osapitirira apo. Pa nyengo imeneyi mukagwiritsa ntchito 4.87 simungaphonye kwenikweni.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi imene inasokoneza zimenezi. Kuyambira 1916 boma la Britain linagwira mtengo pa 4.76 ndi madola obwereka. Litasiya kutero mu Malichi 1919, paundi inatsetsereka mpaka kufika pansi pa 3.50 kumayambiriro kwa 1920. Mu 1925 Winston Churchill, ali nduna ya zachuma, anabwezera paundi ku golide pa mtengo wakale uja wa 4.86, ndipo katswiri wa zachuma John Maynard Keynes anatsutsa poyera kuti mtengowo unali wokwera kwambiri poyerekeza ndi mmene mafakitale a Britain analili. Mtengowo unangokhala zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 21 Seputembala 1931 Britain inachoka pa golide, ndipo pofika Disembala paundi inali pansi pa 3.50 kachiwiri. Ndiye apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: mu 1934 paundi inadutsa madola asanu. Musaganize kuti chuma cha Britain chinali chitachira mwadzidzidzi. Ndi dola imene inatsitsidwa, pamene boma la Franklin Roosevelt linakweza mtengo wa golide kuchoka pa madola 20.67 kufika pa madola 35 pa aunsi imodzi. Mtengo wosinthira uli ndi mbali ziwiri, ndipo ukasuntha muyenera kufunsa kuti mbali imene yasuntha ndi iti. Pa zaka za 1919 mpaka 1925 ndiponso 1931 mpaka 1939, funani mtengo wa mwezi weniweniwo, osati wa chaka.

Nkhondo yachiwiri itayamba, boma la Britain linaletsa kutulutsa ndalama kunja popanda chilolezo ndipo linakhazikitsa mtengo wa 4.03. Pangano la Bretton Woods, limene mayiko ambiri anachita mu 1944, linasunga mtengo womwewo. Malinga ndi panganolo dola inali yomangirira ku golide pa madola 35, ndalama zina zonse n'kumangirira ku dola, ndipo dziko lililonse linkaloledwa kuti ndalama yake isunthe ndi peresenti imodzi yokha kukwera kapena kutsika. Britain inatuluka mu nkhondoyo ili ndi ngongole zochuluka. Inabwereka madola 3.75 biliyoni ku America, ndipo chimodzi mwa zimene inavomera chinali chakuti mayiko amene akusunga mapaundi azitha kuwasintha kukhala madola momasuka. Khomo limenelo linatsegulidwa pa 15 Julayi 1947 n'kutsekedwa pa 20 Ogasiti chaka chomwecho, chifukwa aliyense anathamangira kukataya mapaundi ndipo madola obwerekawo ankatha ngati madzi a m'dengu.

Tsopano tiime pa 1949, chifukwa chaka chimenechi chimaphunzitsa zambiri. Lamlungu madzulo pa 18 Seputembala, nduna ya zachuma Stafford Cripps inalengeza pa wailesi kuti paundi yatsika kuchoka pa 4.03 kufika pa 2.80. Mukatsegula tebulo limene limapereka nambala imodzi pa chaka, pa 1949 mupeza nambala ya kufupi ndi 3.68. Werengerani nokha: masiku pafupifupi 260 pa 4.03, masiku 105 otsalawo pa 2.80, muphatikize n'kugawa ndi 365, mufika pomwepo. Masamu ake ndi olondola. Vuto ndi lakuti banki siinkasintha ndalama pa 3.68 tsiku lina lililonse la chaka chimenecho. Mapaundi 1,000 olipidwa mu Ogasiti 1949 anali madola 4,030. Mapaundi 1,000 omwewo olipidwa mu Okutobala anali madola 2,800. Amene watenga avareji alemba 3,680, ndipo walakwitsa ndi madola 350 ngati ndalamayo inalipidwa mu Ogasiti, kapena ndi madola 880 ngati inalipidwa mu Okutobala. Avareji ya chaka ili ndi malo ake, monga pa malipiro amene munthu ankalandira mwezi ndi mwezi chaka chonse. Pa ndalama imene inalipidwa kamodzi, tsiku limodzi, siigwira ntchito.

Msampha wachiwiri wa chaka chomwechi ndi wa maperesenti. Paundi inatsika ndi 30.5 peresenti: chotsani 2.80 pa 4.03, mutsala ndi 1.23, mugawe ndi 4.03. Ambiri akamva choncho amati ndiye kuti dola inakwera ndi 30.5 peresenti. Ayi. Kale dola imodzi inkagulidwa ndi mapaundi 0.248, pambuyo pake ndi mapaundi 0.357, ndipo kukwera kumeneko ndi pafupifupi 44 peresenti. Kampani ya ku London imene inali ndi ngongole ya madola 10,000 inagona Loweruka ikudziwa kuti ikufunika mapaundi 2,481, Lolemba n'kupeza kuti ikufunika mapaundi 3,571. Choncho polemba kuti ndalama inagwa ndi maperesenti akuti, nenani kuti mukuyang'ana muli mbali iti. Wogulitsa katundu kunja ndi woitanitsa katundu kuchokera kunja amaona nambala zosiyana pa chinthu chimodzi chomwecho.

Chimene chimapweteka anthu kuposa zonsezi si mtengo wosinthira, koma kawerengedwe ka paundi yakale. Tsiku la 15 Febuluwale 1971 lisanafike, paundi inalibe magawo 100. Inali ndi masheleni 20, sheleni iliyonse makobiri 12, kutanthauza makobiri 240 pa paundi imodzi. Pa pepala mudzaona zolembedwa motere: £2 19s 6d, kapena £2/19/6. Chilembo s ndi masheleni, d ndi makobiri. Munthu wothamanga amangolemba 2.19 mu kakyuleta, n'kuchulukitsa ndi 2.80, n'kupeza madola 6.13. Njira yoyenera ndi iyi. Masheleni 19 muchulukitse ndi 12, mupeza makobiri 228. Onjezani makobiri 6 aja, akwana 234. Gawani ndi 240, mupeza 0.975. Ndiye kuti ndalamayo ndi mapaundi 2.975, kutsala kangachepe kuti akwane atatu, ndipo pa 2.80 ndi madola 8.33. Pa mzere umodzi kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma buku la maakaunti likakhala ndi mizere mazana angapo, zotsatira zake zonse zimakhala zabodza. Ndimalangiza kuti ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta, ikani mapaundi, masheleni ndi makobiri m'mizati itatu yosiyana, mzati wachinayi ndiwo uziphatikiza: mapaundi, kuonjezapo masheleni ogawa ndi 20, kuonjezapo makobiri ogawa ndi 240. Mukaona nambala yoposa 19 mu mzati wa masheleni kapena yoposa 11 mu wa makobiri, dziwani kuti wina wakopera molakwika.

Chenjeraninso ndi guinea, imene imafupikitsidwa kuti gns. Madokotala, maloya, ogulitsa mahatchi ndi ogulitsa zithunzi zojambula ankakonda kutchula mitengo yawo motero. Guinea imodzi ndi masheleni 21, ndiko kuti paundi imodzi ndi sheleni imodzi. Ma guinea 100 ndi mapaundi 105, omwe pa 2.80 ndi madola 294, osati 280. Mukaona cholembedwa ngati 10/- ndi masheleni 10, theka la paundi, ndipo 2/6 ndi masheleni awiri ndi makobiri asanu ndi limodzi.

Kuyambira 1949 mpaka 1967 mtengo unakhala pa 2.80, ndipo Bank of England, banki yaikulu ya Britain, inkaonetsetsa kuti usatuluke pakati pa 2.78 ndi 2.82. Koma ndiyenera kutsindika kuti umenewu unali mtengo wa boma, wa anthu amene anali ndi chilolezo. Malamulo oletsa kutulutsa ndalama, amene anayamba mu 1939 n'kulimbikitsidwa ndi lamulo la mu 1947, anakhalapo mpaka Okutobala 1979 pamene boma la Margaret Thatcher linawachotsa. M'zaka zoyambirira nkhondo itangotha, mapaundi ankagulitsidwa motchipa kuposa mtengo wa boma m'misika ya kunja monga Zurich ndi New York. Ndipo munthu wokhala ku Britain amene ankafuna kugula masheya a ku America sankapeza madola pa mtengo wa boma. Ankayenera kuwagula kwa mnzake amene wagulitsa masheya akunja, ndipo ankalipira ndalama yapamwamba imene nthawi zina inkakhala yaikulu ndithu. Ndiye ngati pepala lanu ndi la katundu wolowa kapena wotuluka m'dziko mwalamulo, mtengo wa boma ndi woyenera. Ngati ndi la masheya akunja, mtengo wa boma ukupatsani madola ochuluka kuposa amene mwini wakeyo anapezadi ndi mapaundi akewo.

Loweruka pa 18 Novembala 1967 boma la Harold Wilson linatsitsanso paundi kufika pa 2.40, ndipo nduna ya zachuma James Callaghan inatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Paundi inatsika ndi 14.3 peresenti, dola inakwera ndi 16.7 peresenti. Nyengo ya 2.40 ndimaikonda chifukwa masamu ake ndi ofewa: makobiri 240 pa paundi, masenti 240 pa paundi, ndiye kobiri limodzi ndi senti imodzi ndendende. Mukasandutsa ndalama yonse kukhala makobiri, mwapeza kale masenti. Wilson anauza anthu pa wailesi yakanema kuti paundi imene ili m'thumba mwawo siinachepe mphamvu, ndipo anthu anamudzudzula kwa zaka zambiri chifukwa cha mawu amenewo. Kunena zoona, Lolemba lotsatiralo paundi inkagulabe zomwezo m'sitolo. Koma dziko limene limaitanitsa kunja chakudya ndi zipangizo za m'mafakitale silichedwa kumva kuwawa, mitengo imakwera pang'onopang'ono katundu watsopano akamafika padoko.

Pa 15 Ogasiti 1971 pulezidenti wa America Richard Nixon analengeza kuti America yasiya kupereka golide posinthana ndi madola. Mu Disembala chaka chomwecho mayiko anayesa kukhazikitsa mitengo yatsopano pa msonkhano wa ku Smithsonian mu mzinda wa Washington, ndipo paundi inaikidwa pa 2.6057. Sizinakhalitse. Mu Juni 1972 Britain inasiya paundi kuti msika ndiwo uziiikira mtengo, ndipo zili choncho mpaka lero poyerekeza ndi dola.

Kuchokera pamenepo palibe nambala yoti muloweze pamtima, koma ndi bwino kudziwa mapiri ndi zigwa zake kuti muzitha kuzindikira nambala yolakwika mukaiona. Mu 1976 paundi inatsika pansi pa 1.60, boma mpaka linakapempha ngongole ya madola 3.9 biliyoni ku IMF. Kumapeto kwa 1980 inabwerera pamwamba pa 2.40 chifukwa cha mafuta a ku North Sea ndi chiwongoladzanja chokwera. Mu Febuluwale 1985 inafika pafupifupi 1.05, makamaka chifukwa dola inali itakwera poyerekeza ndi ndalama zonse, ndipo pangano la Plaza, limene mayiko asanu olemera anachita mu Seputembala chaka chimenecho, ndi limene linathandiza kutsitsa dolayo. Kumayambiriro kwa Seputembala 1992 paundi inali pa madola awiri. Pa 16 Seputembala boma linakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti, n'kulonjeza 15 tsiku lomwelo, pofuna kuteteza mtengo wa paundi poyerekeza ndi ndalama ya Germany, koma madzulo ake linagonja, ndipo pofika kumapeto kwa chaka paundi inali kufupi ndi 1.50. Mu Novembala 2007 inafika 2.11, mu Januwale 2009 inali pansi pa 1.40. Usiku wa chisankho cha pa 23 Juni 2016 chochoka mu European Union inali pa 1.50, kutacha inali kufupi ndi 1.33. Pa 26 Seputembala 2022, patangopita masiku atatu nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng italengeza zochepetsa misonkho, inafika pafupifupi 1.035, mtengo wotsikitsitsa m'mbiri yake.

Pa nyengo ya msikayi, mitengo ya tsiku ndi tsiku imapezeka kwaulere ku mabanki aakulu awiriwo: Federal Reserve ya America ili ndi yoyambira 1971, Bank of England yoyambira 1975. Nambala zawo pa tsiku limodzi zimasiyana pang'ono chifukwa amazitenga pa maola osiyana, wina ku New York wina ku London. Sankhani gwero limodzi n'kukhala nalo mpaka kumapeto kwa ntchito yanu. Tsiku likagwera Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, tebulo limakhala lopanda kanthu, ndiye tengani mtengo wa tsiku lomaliza la ntchito, kupatula ngati kumapeto kwa sabata kumeneko kunalengezedwa chinthu chachikulu. Maboma ankakonda kutsitsa ndalama Loweruka kapena Lamlungu misika itatseka, monga mwaonera pa 1949 ndi 1967. Komanso tsiku lofunika ndi limene ndalama inasinthidwa, osati limene kontirakiti inasainidwa. Masiku awiriwa amatha kutalikirana ndi miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Onetsetsaninso kuti tebulo lanu likuyang'ana mbali iti. Mwachizolowezi mtengowu umalembedwa ngati madola pa paundi imodzi, koma matebulo ena amatembenuza. Kuyesa kwake n'kosavuta: pa mitengo ya boma ndi ya msika, paundi siinatsikepo pansi pa dola imodzi. Mukaona 0.62 kapena 0.80, amenewo ndi mapaundi pa dola imodzi, ndipo posintha mapaundi kukhala madola muyenera kugawa, osati kuchulukitsa. Kumbukiraninso kuti nambala za m'matebulowa ndi za pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira pamsika wa mabanki okhaokha. Munthu wamba pakauntala ankalandira zocheperapo, ataduliridwanso komishoni. Ngati lisiti ya banki ilipo ndipo yalemba mtengo umene anagwiritsa ntchito, khulupirirani lisitiyo kuposa tebulo lililonse.

Funso limene limabwera pambuyo pake ndi lakuti, nanga lero ndalamayo ingakhale zingati? Limeneli ndi funso lina, ndipo lili ndi njira ziwiri zosapereka yankho lofanana. Mutha kusintha mapaundi kukhala madola pa mtengo wa nthawiyo, kenako n'kuwakweza potsata mmene mitengo ya zinthu yakwerera ku America. Kapena mutha kukweza mapaundiwo potsata mmene mitengo yakwerera ku Britain, kenako n'kusintha pa mtengo wa lero. Mayankho amasiyana chifukwa mitengo ya zinthu siinkakwera mofanana m'mayiko awiriwa, ndipo mtengo wosinthira sutsatira kusiyanako ndendende. Mu 1975 mokha mitengo inakwera ndi pafupifupi 24 peresenti ku Britain, pamene ku America inakwera ndi pafupifupi 9. Posankha njira, funsani kumene ndalamayo inkagwiritsidwa ntchito. Malipiro a munthu amene ankakhala ndi kugula zinthu ku Manchester akwezedwe ndi mitengo ya ku Britain kaye. Ndalama imene inatumizidwa ku Chicago n'kukagwiritsidwa ntchito kumeneko isinthidwe kaye kukhala madola. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga mapaundi a 1955 n'kuwachulukitsa ndi mtengo wosinthira wa lero, chifukwa nambala yotulukayo siikuimira kanthu kalikonse, kaya ka kale kaya ka lero.

Chizindikiro cha £ pachokha sichikutsimikizira kuti ndi paundi ya Britain. Australia inali ndi paundi yakeyake mpaka 1966, ndipo kuyambira 1931 mapaundi 125 a Australia ndiwo ankakwana mapaundi 100 a Britain, n'chifukwa chake pambuyo pa 1949 paundi ya Australia inali madola 2.24, osati 2.80. Paundi ya Ireland inali yofanana ndi ya Britain mpaka Malichi 1979, kenako inayamba kuyenda payokha. Mayiko amene ankasunga chuma chawo m'mapaundi sankatsatira London nthawi zonse: mu 1949 India inatsitsa ndalama yake pamodzi ndi Britain koma Pakistan inakana, ndipo mu 1967 Ireland ndi New Zealand zinatsitsa pamene Australia ndi South Africa sizinatero. Chimodzimodzinso chizindikiro cha $: dola ya Canada inkayenda ndi msika kuyambira 1950 mpaka 1962, pamene ndalama zina zambiri zinali zomangirira. Yang'anani pamutu pa pepala, mzinda umene linalembedwa ndi banki imene inalipira. Pambali pa yankho lanu lembani tsiku, mtengo umene mwagwiritsa ntchito, kumene mwautenga, ndiponso ngati ndi wa tsiku, wa mwezi kapena wa chaka, kuti loya kapena wowerengera ndalama amene adzalandire ntchito yanu athe kubwereza masamuwo payekha.